Rolex m'makomboni a Lusaka: dzina lili ponseponse, yeniyeni sioneka

Ku Kanyama, Matero, Chawama, Kalingalinga, Mtendere ndi George, mayina a mawotchi odula kwambiri padziko lapansi amanyezimira pamikono ya anthu tsiku ndi tsiku. Wotchi yeniyeni imafikako mwa apo ndi apo, ndipo ikafika imabwera pagalimoto n'kubwereranso pagalimoto dzuwa lisanalowe. Kusowa kwakeko kuli ndi zambiri zotiuza za mzindawu.

Kusanache bwino, maminibasi ochokera ku Kanyama, George, Matero ndi Chawama amakhala atayamba kale kutsitsa anthu m'tauni, ena pa Lumumba, ena pa City Market, ena pa Kulima Tower. Wofuna kudziwa mawotchi amene anthu a mu Lusaka amavala asavutike n'kuzungulira masitolo. Angokhala pampando wakumbuyo n'kumayang'ana mikono imene ikupatsirana ndalama kuti zikafike kwa kondakitala. Mikono yambiri ilibe kanthu, poti masiku ano nthawi timaionera pafoni. Ina ili ndi Casio yakuda ya pulasitiki, ina ili ndi timawotchi tamakono towerenga mapazi ndi kugunda kwa mtima. Koma sipapita nthawi musanaone kachisoti kachifumu ka nsonga zisanu, chizindikiro cha Rolex, kakuwala pamkono wa mnyamata wopita kukagulitsa mafoni, kapena dzina la Hublot, Omega ndi Patek Philippe pamkono wa bambo wovala jekete la salaula lositidwa bwino.

Tikawerenga mayina okha, Lusaka ndi mzinda wodzaza ndi mawotchi a anthu olemera. Tikawerenga mawotchi enieni, opangidwa ku Switzerland ndi kampani imene dzina lake lalembedwapo, munthu angathe kukwera basi ya ku Kanyama chaka chathunthu osaonapo ngakhale imodzi. M'basimo aliyense amadziwa zimenezi. Wovala amadziwa, woyandikana naye amadziwa, amene anamugulitsa ankadziwa. Ndi gong'a, ndipo palibe amene amaona chifukwa chochitira nazo mkangano.

Masamu ake

Kalembera wa 2022 anapeza kuti mu Zambia muli anthu 19.6 miliyoni, ndipo oposa 2.2 miliyoni amakhala mumzinda wa Lusaka. Odziwa za mizinda amati anthu pafupifupi 70 pa 100 alionse a mumzindawu amakhala m'makomboni. Dera la phungu wa Kanyama lokha linali ndi anthu oposa 500,000. Kafukufuku wa boma wa chaka chomwecho anasonyeza kuti anthu 60 pa 100 alionse m'dzikoli ndi osauka, pamene mu 2015 anali 54.4.

Mu Januwale 2024 boma linakweza malipiro otsikitsitsa a wantchito wa m'nyumba kufika pa K1,300 pamwezi. M'chaka chomwecho bungwe la Jesuit Centre for Theological Reflection, limene mwezi ndi mwezi limawerengetsa mitengo ya ufa, ndiwo, makala, sopo, lendi, madzi ndi magetsi, linapeza kuti banja la anthu asanu mu Lusaka limafunika ndalama zoposa K10,000 pamwezi kuti lipeze zofunika zenizeni.

Tsopano tengani Rolex Submariner yachitsulo chokhachokha, yopanda golide kapena mwala uliwonse wamtengo wapatali. M'sitolo yovomerezeka ku America mtengo wake unali pafupifupi madola 10,000, ndipo kwa miyezi yambiri ya 2024 dola imodzi inkagulidwa ndi makwacha oposa 25. Apa ndiye kuti wotchi imodzi ndi ndalama zoposa K250,000. Mayi wa ku Mtendere amene amachapa ndi kukolopa ku Kabulonga akanafunika kusunga malipiro ake onse, osadya, osalipira lendi, osagula makala, kwa zaka 16. Ndalama yomweyo ikanadyetsa ndi kugoneka banja la anthu asanu kwa zaka ziwiri.

Komatu Submariner ili kumunsi kwa makwerero. Mu Okutobala 2017, Rolex Daytona imene ankavala katswiri wa mafilimu Paul Newman inagulitsidwa pa okushoni ku New York pamtengo wa madola 17.8 miliyoni. Mu Novembala 2019, ku Geneva, wotchi ya Patek Philippe yotchedwa Grandmaster Chime inapita pa 31 miliyoni ya ndalama za ku Switzerland zotchedwa franc. Mitengo yotere ndi imene imapereka ulemerero ku dzina lolembedwa pa wotchi ya mnyamata wa m'basi uja, imene mtengo wake kawirikawiri sufika pa thumba la ufa la makilogalamu 25.

Kwawo kwa mawotchi

Ngakhale kumayiko olemera, wotchi yodula yeniyeni si chinthu chimene munthu amakumana nacho pakona iliyonse. Mu 2023 dziko la Switzerland linagulitsa kunja mawotchi a pamkono pafupifupi 16.9 miliyoni, ndipo malonda onse a mawotchi anabweretsa 26.7 biliyoni ya ma franc, ndalama zimene zinali zisanafikidwepo. Ziwerengerozi zikumveka zazikulu, koma padziko lonse pamapangidwa mawotchi ochuluka kwambiri kuposa apa, ambiri ku China. Mwa mawotchi 100 alionse, a ku Switzerland safika atatu, chikhalirecho ndiwo amatenga ndalama zoposa theka la msika wonse. Rolex, imene Hans Wilsdorf ndi mlamu wake Alfred Davis anaiyambitsa ku London mu 1905 isanasamukire ku Geneva, siulula kuchuluka kwa mawotchi ake, koma banki ya Morgan Stanley imayerekeza kuti amakwana pafupifupi 1.2 miliyoni pachaka, ogawana dziko lonse la anthu oposa 8 biliyoni.

Mawotchi ambiri a ku Switzerland amapita ku America, China, Hong Kong, Japan, Britain ndi Singapore. Africa yense amalandirako kagawo kochepa zedi. Ndipo mwa ogulawo, ena sawavala tsiku ndi tsiku. Amawatsekera m'mabokosi achitsulo, n'kuwatulutsa pokakumana ndi anzawo okonda mawotchi kapena popita ku chionetsero cha Watches and Wonders chimene chimachitika chaka ndi chaka ku Geneva. M'malo oterowo wotchi zodula zimachita kuunjikana patebulo limodzi, ndipo zithunzi zake zikafika pa Instagram ndi TikTok, wozionera pafoni ku Chawama amaganiza kuti kunjako munthu aliyense amavala zotere. Zoona zake n'zakuti ngakhale ku London ndi ku Johannesburg eni ake ena amazisiya kunyumba poopa achifwamba. Ku Johannesburg kunachita kutchuka magulu a mbava otchedwa Rolex gang, amene amalondola munthu kuchokera kumasitolo kapena kubwalo la ndege mpaka pachipata cha nyumba yake.

Njira ya gong'a

Wotchi imene imafika kukomboni imayenda njira ina. Yambiri imayambira m'mafakitale a kummwera kwa China n'kudzera m'misika ya ku Guangzhou. Ina imabwera m'masutikesi a amalonda ochokera ku Dubai, ina imatsikira pa doko la Dar es Salaam, n'kudutsa pa msika wa Kariakoo, n'kulowa m'dziko pa Nakonde pamodzi ndi nsapato, mafoni ndi zitenje. Ikafika mu Lusaka imagulidwa mopikula ku Kamwala ndi ku Comesa Market, kenako imamwazikana: pamatebulo a m'mbali mwa Lumumba Road, m'manja mwa anyamata oyenda nayo pakati pa magalimoto, m'tuntemba ta ku Matero ndi Mtendere, pambali pa magalasi a dzuwa, malamba ndi mafuta onunkhira. Bungwe la opanga mawotchi ku Switzerland limati mawotchi achinyengo opangidwa chaka chilichonse ndi mamiliyoni makumimakumi, kuposa enieni amene dzikolo limatumiza kunja.

Wogulitsa amayamba ndi mawu amene aliyense amawadziwa: "Bosi, iyi ni orijino." Wogula amaseka, amatchula mtengo wake, amakambirana, n'kugwirizana. Mawu akuti orijino pamenepo sapusitsa munthu, chifukwa mtengo wanena kale zonse.

Amene amadziwa m'mimba mwa mawotchi amenewa ndi okonza, azibambo okhala m'makonde a masitolo a mu Cairo Road, Freedom Way ndi Chachacha Road, ndiponso m'misika ya m'makomboni, aliyense ndi kabokosi kake ka galasi, kagalasi kokulitsa zinthu ka padiso, kopanira ndi timasikuludiraiva tosaoneka bwino. Ntchito yawo yaikulu masiku ano ndi kusintha batire, kufupikitsa lamba, kubwezera kapini kothothoka ndi kusintha galasi losweka. Akatsegula kumbuyo kwa Rolex ya m'misewu amapeza kamakina kakang'ono ka batire, kogwiriziridwa ndi mkombero wa pulasitiki yoyera, malo ena onse ali mphako. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Yeniyeni ya masiku ano ilibe batire. Ili ndi sipuling'i imene imadzikunga yokha mkono ukamagwedezeka, ndi timagudumu ta mano tambirimbiri tolumana bwinobwino. Muvi wake wa masekondi umasuntha kasanu ndi katatu pa sekondi imodzi, moti umaoneka ngati ukungotsetsereka, pamene wa batire umadumpha kamodzikamodzi. Kagalasi kotukuka ka pamwamba pa deti kamakulitsa nambala kawiri ndi theka. Chitsulo chake n'cholemera ndipo sichisuluka. Submariner inapangidwa kuti ipirire madzi akuya mamita 300, pamene ya gong'a imachita nthunzi m'galasi ikangonyowa ndi mvula ya mu Januwale, ndipo mtundu wake wa golide umayamba kufufuma pa lamba miyezi ingapo isanathe.

Chinyengo choopsa chili pamwamba pa apa. Kuli mawotchi ena otsanzira mwaluso kwambiri, okhala ndi sipuling'i, kulemera koyenera, bokosi ndi mapepala omwe, ogulidwa madola mazanamazana, amene ngakhale wamalonda wozolowera sawazindikira asanawatsegule. Amenewa safika patebulo la ku Kanyama. Amayenda pa Facebook ndi WhatsApp, akusaka munthu wa ndalama amene akufuna Rolex yogwiritsidwapo kale ntchito pamtengo wotsika. Wopusitsidwa kwenikweni pa malonda a mawotchi nthawi zambiri amakhala wa kumayadi.

Wotchi ya agogo

Sikuti makomboni sanadziwepo wotchi yabwino. Matero inamangidwa ndi khonsolo m'zaka za m'ma 1950 kuti mukhale antchito achikuda, ndipo Kanyama, Chawama, George ndi Kalingalinga zinakula pamene anthu ochokera ku Chipata, Petauke, Katete, Lundazi ngakhalenso ku Malawi ndi ku Mozambique ankabwera kudzafuna ntchito n'kudzimangira okha pamalo amene boma silinawapatse. Lamulo la 1974 ndi limene linatsegula njira yoti ena mwa malowa avomerezedwe, ndipo ngongole ya World Bank inathandiza kubweretsa misewu ndi mipopi ya madzi ku George ndi ku Chawama. Kwa anthu a m'badwo umenewo, wotchi inali chida cha ntchito. Kalaliki, mphunzitsi, wantchito wa njanji, namwino ndi dalaivala wa basi ankafunika kudziwa nthawi, ndipo munalibe foni m'thumba. Obwera ku migodi ya ku Copperbelt, ku Wankie ndi ku Joni ankafika ndi njinga, wailesi, jekete ndi wotchi, umboni woti ulendo sunapite pachabe. Mayina ngati Roamer, Oris, Citizen ndi Seiko 5 ankatchulidwa mwaulemu. Bambo ankaikunga m'mawa uliwonse, n'kuilinganiza ndi nthawi ya nkhani pa wailesi, ndipo akamwalira inali m'gulu la katundu amene abale ankakambirana mofatsa kuti apatsidwe ndani.

Zinthu zinatembenuka mu Disembala 1969, pamene kampani ya Seiko ya ku Japan inatulutsa Astron, wotchi yoyamba ya pamkono yoyendera batire ndi kamwala ka quartz. Pasanapite zaka zambiri mawotchi otere anatchipa kwambiri, ndipo ankasunga nthawi molondola kuposa a sipuling'i. Ku Switzerland antchito opanga mawotchi anatsika kuchoka pa pafupifupi 90,000 mu 1970 kufika pa pafupifupi 30,000 pakati pa zaka za m'ma 1980. Makampani amene anapulumuka anasintha nyimbo: anasiya kupikisana pa kusunga nthawi, n'kuyamba kugulitsa mbiri, luso la manja ndi ulemerero. Mu 1989 Casio inatulutsa F-91W, kawotchi kakuda kotchipa kamene mpaka lero kali pamikono ya alonda, ana a sukulu ndi anamwino. Kenako foni inabwera n'kulanda ntchito yotsalayo.

Chotero wotchi yabwino ya mtengo wapakati, imene wantchito ankatha kusungira ndalama miyezi ingapo n'kuigula, inachepa pamsika wa anthu wamba. Kunatsala mbali ziwiri zotalikirana: yodula imene imanena kuti mwini wake ndi ndani, ndi yotchipa imene imabwereka dzina la yodulayo.

Ulemu wa pamkono

Kuseka wovala gong'a n'kosavuta, koma n'kusadziwa mmene mzindawu umayendera. Mu Lusaka munthu amayesedwa ndi maso asanatsegule pakamwa. Mlonda wa pachipata cha ofesi, wolandira alendo ku banki, wolemba ntchito, ngakhale akuchikazi pa tsiku lokambirana za malowolo, onse amayamba ayang'ana nsapato, kolala ndi mkono. Munthu wochokera kumene msewu ndi fumbi m'chilimwe ndi matope m'dzinja amachita khama lalikulu kuti afike m'tauni ali waudongo. Amanyamula kansalu kopukutira nsapato, amasita malaya ndi ayironi ya makala magetsi akazima, ndipo wotchi ndi imene imamalizitsa zonse. Karen Tranberg Hansen, amene anafufuza za malonda a salaula mu Lusaka n'kutulutsa buku lake mu 2000, anasonyeza kuti ogula zovala zakale sangotola chilichonse. Amasankha mwanzeru, amadziwa nsalu, amadziwa chimene chikuyenera ukwati ndi chimene chikuyenera kutchalitchi. Wotchi ya pamkono ili m'gulu lomwelo la kudzilemekeza.

Palinso china chimene okonza mawotchi ndi obwereketsa ndalama amachidziwa bwino. Wotchi sidzichitira yokha umboni. Rolex yeniyeni itavalidwa ndi mnyamata woyenda pansi ku George, aliyense anganene kuti ndi gong'a. Ya gong'a itavalidwa ndi bwana wotsika mu Land Cruiser pa Manda Hill, palibe angakayikire. Galimoto, nyumba ndi udindo ndi zimene zimapereka mtengo ku wotchi. N'chifukwa chake wa kaloba amalandira wailesi yakanema, firiji kapena foni ngati chikole, zinthu zimene akudziwa pokazigulitsa, koma wotchi amaikankhira kumbali. Kukomboni yeniyeni ilibe msika, ilibe woitsimikizira, ndiponso ilibe woikonza ndi zipangizo za kampani yake. Ikafuna kutsukidwa m'kati, mwini wake amaitumiza kunja.

Amene amaiona yeniyeni

Anthu a m'makomboni amaionadi wotchi yodula, koma amaionera kuntchito. Mtendere ndi Kalingalinga zili khomo ndi khomo ndi Kabulonga, Ibex Hill ndi madera ena a apamwamba, ndipo m'mamawa misewu ya Alick Nkhata ndi Kabulonga imadzaza ndi anthu oyenda pansi kupita kukatsegula mageti, kuthirira maluwa ndi kulera ana a eni nyumba. Woperekera zakudya ku hotela za Pamodzi, InterContinental kapena Radisson Blu amaiona mlendo akamasaina bilu. Wonyamula zibonga ku Lusaka Golf Club amaiona ikuvulidwa n'kuikidwa m'chikwama. Wotsuka magalimoto amaiona pamkono umene ukumupatsa makiyi. Wantchito wa m'nyumba amaipeza pakatebulo ka pambali pa bedi, amaisuntha mosamala kuti apukute fumbi, n'kuibwezera pomwe inali.

Kwa anthu amenewa wotchi yeniyeni imabwera ndi mantha. Ikasowa m'nyumba, woyamba kufunsidwa ndi iye amene amalandira malipiro otsikitsitsa aja, ndipo angathe kugona kupolisi chinthucho chisanapezeke m'thumba la jekete la mwini wake. Olemba ntchito ayenera kulingalira za katundu amene amasenzetsa munthu pomusiya yekha ndi chinthu cha mtengo wa malipiro ake a zaka 16, popanda loko, popanda mboni.

M'komboni mwenimwenimo yeniyeni imalowa pa zochitika. Imabwera pamaliro, mwana wa pakhomopo amene zinamuyendera akafika kuchokera ku Johannesburg, London kapena kumayadi kudzaperekeza mayi ake kumanda a ku Chingwere kapena ku Leopards Hill. Imabwera paukwati, pamkono wa mlendo wolemekezeka. Imabwera nthawi ya kampeni, pamkono umene ukugawa zitenje ndi malaya a chipani. Kukada imakhala itapita.

Si kuti m'makomboni mulibe anthu a ndalama. Muli eni midadada ya nyumba za lendi, eni maminibasi, eni masitolo a simenti ndi malata, eni mabala, amisiri a mageti ndi mipando a ku Kalingalinga amene katundu wawo amagulidwa ndi mzinda wonse, ndi amayi a pa Soweto Market amene amagula tomato ndi anyezi pa lole yathunthu. Ena mwa iwo angathe kugula wotchi ya K250,000. Saigula chifukwa amadziwa ntchito ya ndalama. Ndalama imeneyo ndi puloti, ndi zipinda zina zobweretsa lendi mwezi ndi mwezi, ndi minibasi yogwiritsidwapo kale ntchito, ndi fizi ya mwana ku yunivesite, ndi mjigo pakhomo. M'chaka cha chilala cha 2024, madzi atachepa ku Kariba ndipo magetsi akuzima pafupifupi tsiku lonse, inali sola ndi jenereta zoti bizinesi isafe. Wotchi sibereka. Ndiponso munthu amene amatseka sitolo usiku n'kuyenda m'tinjira topanda magetsi, m'mene achinyamata otchedwa majanki amalanda mafoni ndi zikwama, safuna chonyezimira pamkono.

Mkuwa upita, wotchi ibwera

Pali ulusi wina umene umalumikiza Zambia ndi dziko la mawotchi, umene suoneka pamsika. M'mabuku a zamalonda, kwa zaka zambiri dziko limene linkagula katundu wochuluka wa Zambia linali Switzerland. Mkuwa weniweniwo sukwera mapiri a kumeneko. Umagulidwa papepala ndi makampani a malonda a miyala okhala ku Zug ndi ku Geneva, n'kutumizidwa ku China ndi kwina. Glencore, imene likulu lake lili ku Baar m'chigawo cha Zug, inali ndi gawo lalikulu la migodi ya Mopani ku Kitwe ndi Mufulira kuyambira 2000 mpaka 2021. Mkuwa umabweretsa pafupifupi 70 pa 100 ya ndalama zakunja za Zambia, ndipo mkuwa wosakaniza ndi zinki ndi umene amapangira mbali zambiri za m'kati mwa mawotchi a sipuling'i. Miyala yobiriwira ya emarodi ya ku Kagem, m'boma la Lufwanyama, ili m'gulu la miyala yofunidwa kwambiri ndi opanga zokongoletsera zodula. Dziko limene nthaka yake imatulutsa zonsezi ndi lomwe mu Novembala 2020 linalephera kubweza ngongole zake zakunja, ndipo ndi lomwe mu Januwale 2024 linasandutsa bwalo la mpira la National Heroes chipatala cha odwala kolera, ambiri a iwo ochokera m'makomboni opanda madzi abwino ndi ngalande.

Dzina la Geneva linamvekanso m'khoti. Mu Meyi 2007 khoti lalikulu la ku London, pa mlandu umene boma la Zambia linakasuma, linagamula kuti mtsogoleri wakale Frederick Chiluba ndi anzake anasowetsa ndalama za boma pafupifupi madola 46 miliyoni, ndipo linamva kuti madola oposa 500,000 anathera m'sitolo imodzi ya zovala ya ku Geneva yotchedwa Boutique Basile. A Chiluba anakana chigamulocho, ndipo mu Ogasiti 2009 khoti la mu Lusaka linawapeza osalakwa pa mlandu wakuba. Nkhaniyo inali ya masuti, malaya ndi nsapato, koma inaphunzitsa anthu kuti zovala za mtsogoleri ndi nkhani ya dziko.

Kwina mawotchi enieniwo ndi amene aulula zinsinsi. Ku China mu 2012, anthu anasonkhanitsa zithunzi za mkulu wina wa boma, Yang Dacai, atavala mawotchi odula osiyanasiyana osagwirizana ndi malipiro ake, ndipo chaka chotsatira anagamulidwa kukakhala kundende zaka 14 chifukwa cha ziphuphu. Ku Peru mu Malichi 2024 apolisi anachita chipikisheni kunyumba ya pulezidenti wa nthawiyo, Dina Boluarte, pofufuza mawotchi a Rolex amene sanawalembetse pa katundu wake. Ku Kenya, achinyamata amene anadzaza misewu mu Juni 2024 pokana misonkho yatsopano ankatchulanso mawotchi ndi malamba odula a atsogoleri awo.

Ndipo zonyezimira zabodza sizili pa Lumumba Road pokha. Mu Ogasiti 2023, pabwalo la ndege la Kenneth Kaunda, akuluakulu a boma anagwira ndege yochokera ku Cairo muli madola pafupifupi 5.7 miliyoni, mfuti, ndi zitsulo zolemera makilogalamu 127 zimene zinkaoneka ngati golide. Zitayesedwa zinapezeka kuti zambiri zinali mkuwa, zinki ndi zitsulo zina wamba. Gong'a ya anthu akuluakulu imayenda pandege yapadera.

Wofunsidwa ndani?

Pa nkhani yonseyi pali anthu atatu, ndipo aliyense ali ndi zake. Wogulitsa ayenera kunena zoona. Kutsanzira chizindikiro cha kampani ina n'kuphwanya lamulo, ndipo kulandira ndalama ya chinthu chenicheni pa chinthu chabodza ndi kuba. Lamulo la 2010 loteteza ogula linapatsa bungwe la Competition and Consumer Protection Commission mphamvu zolandira madandaulo otere, ndipo wopusitsidwa asachite manyazi kukadandaula.

Wogula wa kukomboni ali ndi ufulu wodzikongoletsa, koma alinso ndi mwayi wosankha bwino. Ndalama imene amataya pa gong'a zitatu zofufuma chaka chisanathe ingagule Casio yeniyeni, kapena Seiko ndi Citizen yakale yochokera kwa wokonza wodalirika, imene ingamutumikire zaka zambiri n'kudzasiyira mwana. Kutero kumasunganso luso la azibambo a m'makonde aja, amene ambiri akukalamba popanda wowalowa m'malo.

Wachitatu ndi amene wavala yeniyeni. Ngati ndi wamalonda, wosewera mpira kapena woimba amene anakhetsa thukuta n'kulipira msonkho, avale ndi mtendere. Koma ngati amalipidwa ndi misonkho ya anthu, kapena kampani yake imapatsidwa makontirakiti a boma, mkono wake ndi nkhani ya tonse. Zambia ili ndi malamulo okwanira: la 1994 lolamula nduna kulembetsa katundu wawo, la 2010 lolanda katundu wopezeka mwa umbanda, ndi la 2012 lolimbana ndi ziphuphu, limene limafuna wantchito wa boma afotokoze chuma chosagwirizana ndi malipiro ake. Chosowa ndi chizolowezi chofunsa. Atolankhani, a mipingo, a mabungwe a m'misika ndi ovota a ku Kanyama, Matero ndi Chawama aphunzire kuyang'ana mkono umene ukuwapatsa moni pa msonkhano, aujambule, afufuze mtengo wake, auyerekeze ndi malipiro a mwini wake, kenako afunse poyera kuti ndalamayo inachokera kuti. Munthu woona mtima sangavutike kuyankha, ndipo wovutika kuyankha asapatsidwenso makiyi a chuma cha dziko.